Gulu la 237 silinafike ku Chileka mu 1959

Bambo wina wa ku Bulawayo, mdzukulu wa msilikali wa Keyala, wanditumizira funso ili: kodi ndege zimene zinkauluka pa Blantyre masiku amene a Kamuzu anagwidwa mu 1959 zinali za gulu lija Ian Smith, amene pambuyo pake anatsogolera boma la azungu ku Rhodesia, ankaulutsamo ndege pa nkhondo ya Hitler? Nanga gululo lilipobe?

Ayi bambo, pa mafunso onse awiri. Gulu mukunenalo ndi No. 237 (Rhodesia) Squadron la Royal Air Force (RAF) ya Britain, ndipo linatsekedwa pa 1 Januwale 1946 ku Lavariano m'dziko la Italy, kutatsala zaka 13 kuti a Kamuzu agwidwe ku Limbe. Koma funso lanuli lakhudza pachilonda, chifukwa chizolowezi chotchula gululi kuti "la Smith" chimandinyansa. Smith sanalitsogolerepo. Anali mmodzi mwa oulutsa ndege ambirimbiri amene anadutsamo, ndipo pamene ankalowamo n'kuti gululo litamenya kale nkhondo zaka zoposa ziwiri, mbali ina pamwamba pa mitu ya asilikali a kwathu konkuno.

Poyamba mvetsani za nambalayi. Ku RAF nambala ya squadron ili ngati dzina la ufumu: mwini wake akapita, dzina limasungidwa mpaka wina adzalowe. Nambala 237 inayamba mu 1918 ndi ndege zotera pamadzi ku Cattewater, pafupi ndi Plymouth, zosaka sitima zoyenda pansi pa nyanja za Ajeremani, n'kutsekedwa mu 1919. Inakhala chigonere mpaka pa 22 Epulo 1940 pamene inapatsidwa kwa No. 1 Squadron ya Southern Rhodesia, yomwe inali kale ku Kenya kuyambira nkhondo itangotsala pang'ono kubuka mu 1939. Kutha kwake mu 1946 kunalinso kotero: palibe anawotcha ndege, anangochotsa nambala, otsalawo n'kupatsidwa 93. Magulu a RAF okhala ndi dzina la Rhodesia analipo atatu, 237, 266 ndi 44, lomalizali la ndege zikuluzikulu zoponya mabomba.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti theka la moyo wake gululi silinali lomenyana ndi ndege zinzake m'mlengalenga. Ku Kenya linali ndi ndege za Hawker zotchedwa Hart, Audax ndi Hardy, za mapiko awiri osanjikizana okutidwa ndi nsalu, anthu awiri m'katimo, injini ya Rolls-Royce Kestrel. Mfuti zinali ziwiri zokha: Vickers yoloza kutsogolo ya woulutsa, ndi Lewis ya mnzake wokhala kumbuyo. Hardy ikathamangitsitsa inkafika makilomita pafupifupi 260 pa ola, pamene Fiat CR.42 ya Mataliyana inkapitirira 400. Mukaona kusiyanako mudziwiratu kuti ndege zimenezi sizinali zochitira chamuna. Ntchito yake inali kukhala maso a asilikali apansi: kuona kumene mdani wamanga misasa, kujambula zithunzi, kuuza a mizinga kumene zipolopolo zawo zikugwera, ndi kunyamula makalata.

Za makalatazi ndiime pang'ono, chifukwa agogo anu ngati anali kumpoto kwa Kenya mwina anaziona ndi maso. Mawayilesi a nthawiyo anali olemera ndiponso osadalirika, choncho uthenga wochokera m'ndege ankauika m'kathumba kolemera ka nsalu zazitali zowala kuti kaoneke pogwa. Wochokera pansi ndiye unali ndi luso lake. Asilikali ankazika mitengo iwiri motalikirana pang'ono, n'kukoleka chingwe pamwamba pake momasuka, kathumba ka uthenga katamangidwa kuchingwecho. Pansi ankayala nsalu zoyera kuti woulutsa aone malowo. Ndege inkatsitsa ndodo ya mbedza yomwe inali kumimba kwake, n'kubwera motsika kwambiri moyang'anana ndi mphepo, mbedza n'kukola chingwe, wakumbuyo uja n'kukokera m'kati. Zolakwika zinali zodziwika. Mukamangitsa chingwe pamitengo, ndege imazula mitengoyo kapena chingwe chimaduka. Mukazika mopingasa mphepo, ndege imatengeka n'kuphonya. Woulutsa akatsitsa kwambiri, matayala ndi amene amakola. Ndipo masana kukatentha mpweya umapepuka, mapiko sagwira bwino, injini imachepa mphamvu, moti kukweranso msanga kupewa mitengo yaminga kutsogolo kumavuta. Injini ya Kestrel imazizira ndi madzi, choncho ikalira nthawi yaitali ndege ili chiimire padzuwa, madziwo amawira isananyamuke n'komwe.

Italy inalowa nkhondo pa 10 Juni 1940. Patangopita masiku atatu, ndege za Caproni za Mataliyana zinaphulitsa bwalo la ku Wajir, kumpoto kwa Kenya, m'bandakucha pamene ndege za 237 zinali kutenthetsa injini. Nkhokwe ya mafuta inapsa, ndege zina zinawonongeka, ndipo amene anafa anali asilikali a Keyala olondera linga. Mu Julayi Mataliyana anazinga Moyale, kumalire ndi Ethiopia, momwe munali asilikali a 1st KAR, batalyoni ya Keyala ya ku Nyasaland, mpaka anatulukamo usiku. Apa ndiye pamene mbiri ya gululi imakumana ndi yathu, osati ku Chileka. Ndipo onani mmene zinalili: m'ndege munali azungu okhaokha, pansi panali ana a ku Zomba, Mulanje ndi Mangochi. Ku Southern Rhodesia komweko, kumene kunali masukulu ophunzitsa kuulutsa ndege monga Belvedere, Cranborne, Thornhill ndi Kumalo ya kwanuko ku Bulawayo, munthu wakuda ankaloledwa kulowa Rhodesian Air Askari Corps, ntchito yake kulondera mabwalo ndi kugwira zamanja. Pampando wa woulutsa panalibe malo ake.

Chakumapeto kwa 1940 gululi linasamukira ku Sudan, n'kulandira Westland Lysander, ndege ya mapiko apamwamba yotha kutera pakabwalo kakafupi, kenako Gloster Gladiator zingapo zoti ziziteteza. Linagwira ntchito pa nkhondo ya ku Eritrea, kuphatikizapo ya m'mapiri a Keren mu Febuluwale ndi Malichi 1941. Lysander inkaona bwino pansi koma inali nyama yosavuta kwa ndege za adani. Kenako Egypt ndi chipululu cha Libya, kumene Hawker Hurricane inalowa. M'chipululu mdani wamkulu wa injini yake ya Merlin ndi mchenga: ukalowa umapala m'kati mwa masilinda, injini n'kuyamba kumwa oyilo ndi kutha mphamvu patangopita maola ochepa. Mankhwala ake anali sefa yaikulu ya Vokes pansi pa mphuno, yomwe inkapulumutsa injini koma n'kudya liwiro. Amakaniko anali magulu atatu, a injini, a thupi la ndege ndi a mfuti, ndipo ndege ikakanika kunyamuka m'mawa aliyense ankadziwa woti afunsidwe.

Chaka cha 1942 chinathera ku Iraq ndi Persia (Iran ya lero), ku Mosul, Kermanshah ndi Kirkuk, kudikira Ajeremani amene ankaopedwa kuti atsikira ku zitsime za mafuta kudzera ku Caucasus. Sanabwere. Mu 1943 gululi linabwerera kugombe la Mediterranean kukalondera sitima zapamadzi, ntchito yotopetsa yozungulira pamwamba pa nyanja maola ndi maola. Uko ndi kumene Smith anagwa ndi Hurricane ponyamuka pafupi ndi Alexandria mu Okutobala 1943, n'kuphwanyika nkhope. Kuuma kwa mbali imodzi ya nkhope yake, kumene akuluakulu amakumbukira pazithunzi za m'nyuzi, kunachokera pamenepo.

Spitfire zinafika kumapeto kwa 1943, ndipo mu Epulo 1944 gululi linapita pachilumba cha Corsica ndi Spitfire IX. Apa tsopano linali gulu la ndege zomenya nkhondo lenileni: kuperekeza ndege za mabomba za Amereka, ndi kuwombera sitima zapamtunda ndi malole kumpoto kwa Italy. Ntchito yachiwiriyi ndiyo inkadya anthu. Spitfire ili ndi marediyeta pansi pa mapiko, malo enieni amene mfuti zapansi zimaloza. Kachitsulo kamodzi kakaboola paipi, madzi a glycol oziziritsa injini amatha, injini imatentha n'kugwira pamphindi zowerengeka. Oulutsa ankaphunzitsidwa kudutsa kamodzi kokha pamalo otetezedwa, chifukwa ulendo wachiwiri owombera apansi amakhala atakonzeka. Smith anawomberedwa ndi mfuti zapansi mu Juni 1944 kuchigwa cha Po, anatsika ndi parachuti, nakhala miyezi ingapo ndi zigawenga za ku Italy zolimbana ndi Ajeremani. Gululo linapitiriza popanda iye: linateteza asilikali otsika kum'mwera kwa France pa 15 Ogasiti 1944, linakhalako pang'ono, n'kubwerera ku Italy komwe nkhondo inalithera.

Nanga za 1959 zinali za yani?

Zinali za Royal Rhodesian Air Force, gulu la boma la Chitaganya, osati la Britain. Southern Rhodesia inayambiranso gulu lakelake la ndege nkhondo itatha, inagula ndege za Spitfire zokwana 22 mu 1951, kenako ndege za jeti za Vampire, ndipo mu 1954 linalandira dzina lachifumulo. Ena mwa akuluakulu ake anali anthu amene anaphunzira nkhondo m'magulu a RAF aja, ndiye chibale chilipo, koma ndi chibale cha anthu, osati cha gulu. Pa 3 Malichi 1959 a Kamuzu anatengedwa pa ndege kuchokera ku Chileka kupita ku Southern Rhodesia, n'kukatsekeredwa kundende ya Gwelo. Ndege za Dakota zinkatuta asilikali, za Provost zinkazonda ndi kumwaza timapepala. Anthu amene anaphedwa ku Nkhata Bay tsiku lomwelo anaphedwa ndi mfuti za asilikali apansi. Smith nthawiyo anali phungu m'nyumba ya malamulo ya Chitaganya ku Salisbury.

Ngati mukufuna chokwiyira, nachi chenicheni. Chitetezo chinali m'manja mwa boma la Chitaganya, ndipo ndege zinagulidwa ndi ndalama za maiko onse atatu, mkuwa wa ku Northern Rhodesia uli patsogolo. Chitaganya chitatha pa 31 Disembala 1963, ndege za jeti za Hunter, Canberra ndi Vampire zonse zinapita ku Southern Rhodesia, Britain ikuvomereza. Pasanathe zaka ziwiri, pa 11 Novembala 1965, Smith analengeza ufulu wake wa azungu ali ndi ndege zimenezo m'manja. Amene anagawa chuma chimenecho anadziwa chimene ankachita, ndipo sindimva zoti kunali kusaona patali.

Za agogo anu, chitani izi. Zolemba za tsiku ndi tsiku za 237 zili ku The National Archives ku Kew, ku London, m'gulu la AIR 27: Form 540 imafotokoza mwachidule za mwezi, Form 541 imatchula ulendo uliwonse wa ndege. Za mabatalyoni a Keyala funani mu WO 169 ku Kew komweko, koma musayembekezere dzina la msilikali wamba, kawirikawiri amalemba maofesala okha. Chofunika ndi nambala yawo ya usilikali, ndipo simuipeza pamendulo chifukwa Britain inapereka nyenyezi za nkhondoyi zopanda maina. Ifuneni pakabuku ka malipiro kapena pachikalata chotulukira usilikali, ndipo mukaipeza mupite nayo ku National Archives ku Zomba. Yang'ananinso kansalu ka menduloyo. Kotuwa ngati mchenga, mzere wofiira pakati, timizere tiwiri tabuluu m'mbali, ndi Africa Star, ndipo imeneyo ingawaike ku Kenya, Somaliland kapena Ethiopia m'nyengo ya 1940 ndi 1941. Ikakhala Burma Star yokha, ya buluu wakuda, yofiira pakati ndi timizere ta olenji, ndiye kuti ndege zimene ankaziona kumeneko zinali za magulu ena, chifukwa 237 sinapondeko ku Burma.