Nambala ya pa katoni isakupusitseni

Achimwene, mwafunsa zolumikiza amp (chokulitsa mphamvu ya nyimbo) ya "1500W" ku ma sub (masipika a bass) anu awiri a 300W RMS m'galimoto; musailumikize kaye. RMS ndi mphamvu yeniyeni imene sub imapirira kapena amp imatulutsa mosalekeza. Ine zinandionekera, ndipo ndikakumbukira mtima umawawabe.

Ma sub anga analinso awiri, a DVC 4 ohm (DVC ndi sub ya ma coil awiri, mawaya okulungidwa mkati mwa sipika). Ohm ndi muyezo wa mmene sipika imakanira magetsi; ma ohm akachepa, amp imalemedwa kwambiri. Pa katoni ya amp analemba 2000W, zilembo zikuluzikulu. Mkulu amene anandimangira sanatsegule n'komwe kabuku ka amp, anangoti "bwana izi n'zathu", n'kulumikiza ma coil onse anayi parallel (ma + onse pamodzi, ma - onse pamodzi). Imeneyo ndi 1 ohm. Chonsecho amp ija sinkalola kutsika pansi pa 2 ohm.

Tsiku lachitatu ndili paulendo usiku ndi anzanga, bass ikugunda mpaka galasi lakumbuyo kumanjenjemera. Ndinaona malaiti akuzilala bass ikagunda, ine n'kumati ndiye mphamvuyo. Kenako kafungo ngati pulasitiki pamoto. Wina akuti ndi mabuleki. Mwadzidzidzi nyimbo zii. Kutsegula buti, utsi kuti tolo, kalaiti kofiira ka protect (kosonyeza kuti amp yadzizimitsa podziteteza) kakuyaka, amp yotentha yosagwirika. Sub imodzi nditaikankha ndi dzanja inkangolira khwee khwee, coil itapseratu. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu momwemo, anzanga akungoseka.

Kubwerera kwa mkulu uja, akuti wolakwa ndine, ndimakweza kwambiri. Iye amene anapotokola gain (kopotokola kogwirizanitsa amp ndi wailesi) mpaka kumapeto ngati ndi voliyumu! Waya wochokera ku batire wowonda, fyuzi osaika. Galimoto yonse ikanayaka munthu ameneyu osapepesa. Chabwino, bass boost ndinakweza ndekha, koma akanandichenjeza.

Inuyo phatikizani RMS basi, za max ndi peak, nambala zikuluzikulu za pa katoni zija, ziiwaleni. 300 ndi 300 ndi 600W, ndiye pezani amp yotulutsa pafupifupi 600W RMS pa ma ohm amene mawaya anu apereke. Simunanene ngati ndi a coil imodzi kapena DVC, pomwe nkhani yagona pamenepo. A coil imodzi a 4 ohm awiri, parallel ndi 2 ohm, series (+ ya imodzi ku - ya inzake) ndi 8 ohm. A DVC 4 ohm awiri mupeza 1 ohm kapena 4 ohm, 2 ohm musaiyembekezere. Amp yopereka 600W pa 2 ohm, mukaiika pa 4 ohm mphamvu imatsika pafupifupi ndi theka. Ma sub osiyana ma ohm musawasakanize, imodzi imadya mphamvu yambiri kuposa inzake.

Gain ikani ndi multimeter (kachida koyezera magetsi), ma sub mutawazula: lizani tone (kaphokoso koyesera) ya 50Hz, ndipo 600W pa 2 ohm ndi pafupifupi 34.6V AC. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire.

Koma musamange nokha, pitani kwa mmisiri, muzingomuimirira pamutu. Ine pano ndabwereranso pa 1 ohm yomwe ija, ndi amp yolola 1 ohm yopitirira pang'ono RMS ya ma sub. Bass boost ndimaigwirabe mwa apo ndi apo.