Mwawerenga mokwanira, tsopano phunzitsani manja

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Kawale amene wangomaliza maphunziro a unamwino ndi uzamba, a NMT aja. Akuti: "Mayeso a ku Nurses and Midwives Council of Malawi ayandikira. Ndimawerenga mpaka 2 koloko usiku, koma akangotchula OSCE mtima umathamanga, mutu n'kuyima. Ndichite bwanji?"

OSCE ndi mayeso ochita ndi manja woyesa akuonerera, ndipo mumayenda m'malo angapo otchedwa ma station, aliwonse ndi ntchito yake. Mchemwali wanga, lekani kaye kugona 2 koloko. Zaka zitatu mwakhala mukuwerenga, ndipo zambiri zili kale m'mutumo. Zimene zatsala ndi zoti zitsike kufika m'manja, chifukwa khonsolo ikufuna kutsimikiza chinthu chimodzi: kodi munthuyu tikamusiya yekha pa wodi usiku, wodwala akhala wotetezeka?

Pezani anzanu awiri. Wina akhale wodwala, wina agwire wotchi ndi checklist imene munkagwiritsa ntchito ku skills lab, inu muchite ntchitoyo mwaimirira, mukulankhula mokweza. Pilo akhoza kukhala mimba, chidole cha mwana wa pakhomo chikhale khanda. Musaiwale izi: moni, kudzitchula dzina, kufunsa dzina la wodwala, kumufotokozera zimene mukufuna kuchita ndi kupempha chilolezo, kutseka katani, kusamba m'manja. Timazidumpha poganiza kuti ndi zazing'ono, koma woyesa sangakupatseni malikisi pa chinthu chimene sanachione kapena kuchimva. Mukaona magazi, nenani kuti mwawaona. Mukafuna thandizo, itanani ndi mawu enieni.

Pa za uzamba ndi pomwe ndikufuna mukhalitse. Amene anachitako practical ku Bwaila akudziwa momwe labour ward imadzadzira, ndipo kumeneko palibe nthawi yotsegula buku. Mwana akangobadwa, mwatsimikiza kuti mulibe wina m'mimba, bayani mayiyo oxytocin, mankhwala olimbitsa chiberekero, 10 IU pa mnofu isanathe mphindi imodzi. Mayi akataya magazi okwana 500 ml kapena kuposa, itanani anzanu, sisitani chiberekero kuti chilimbe, ikani drip, kenako fufuzani gwero: chiberekero chalobodoka, pang'ambika, kapena nsengwa yatsalira? Khanda likabadwa osalira, lipukuteni bwinobwino, ndipo ngati silikupumabe, ambu bag, chipangizo chopopera mpweya, ikhale itayamba mkati mwa mphindi yoyamba libadwire. Magnesium sulphate, mankhwala oletsa kukomoka kwa mayi woyembekezera amene BP yakwera kwambiri, musamaiwerenge payokha. Musanabwereze dozi onani kapumidwe, mkodzo ndi reflex ya pa bondo, ndipo dziwani kuti ikachuluka m'thupi mankhwala ake ndi calcium gluconate. Zimenezi muzibwereze mpaka muzizinena mukutsuka mbale.

Masamu a mankhwala amagwetsa anthu anzeru, ndipo zimandiwawa chifukwa ndi malikisi osavuta kutola. Tsiku lililonse werengerani asanu pa pepala, osagwira foni. Mwachitsanzo, 1000 ml yoyenda maola 8 pa giving set ya madontho 20 pa ml: 1000 kuchulukitsa ndi 20, kugawa ndi mphindi 480, mupeza madontho pafupifupi 42 pa mphindi. Artesunate wa malungo aakulu ndi 2.4 mg pa kilogalamu, koma mwana wosakwana makilogalamu 20 amalandira 3 mg pa kilogalamu. Lembani ma unit nthawi zonse.

Pa mafunso olemba, samalani ndi mawu oti "choyamba". Mayankho onse anayi akhoza kuoneka abwino, koma yambani ndi chimene chingaphe msanga: njira ya mpweya, kupuma, kenako magazi. Mukalakwa funso la m'mapepala akale, musangoloweza yankho, bwererani ku mutu wakewo.

Za mantha aja, sindikunamizani kuti atheratu. Ine pa tsiku langa manja ananjenjemera mpaka kuvutika kuvala magolovesi, koma chifukwa ndinali nditazolowera kuyamba ndi moni, pakamwa panayamba pokha, manja n'kutsatira. Station imodzi ikakuvutani, isiyeni pomwepo belu likalira, musapite nayo ku inayo.

Masiku a mayeso ndi zoyenera kutenga mufunse ku khonsolo kapena ku koleji kwanu, osadalira za m'magulu a WhatsApp. Mutenge wotchi yokhala ndi masekondi, mudzaifuna powerenga pulse. Mukayeserera ndi anzanu sabata ino, mundilemberenso kuti ndi station iti yomwe yakukanikani, tidzaione limodzi.