Yankho kwa azakhali pa nkhani ya X ija

Eee azakhali mwaswera bwanji kumeneko ku Lizulu, ndaimva voice note yanu ija, yoti mdzukulu wanu walemba Xmas pa kadi ndiye amayi ena akutchalitchi akuti mwanayo akuthetha dzina la Khristu, eti n'zausatana. Ayi ndithu musamukalipire mwanayo. Ndikudziwa pomwe pakuchokera mantha, tonsefe X tinamudziwira kusukulu, aphunzitsi akakuthetha ndi bolopeni yofiira basi walakwa, kenako uja amapaka ndi penti pa nyumba zoti zigwetsedwe chifukwa zalowa m'malire a msewu, ndiye munthu ukangomuona mtima umati zaipa. Koma wa pa Xmas uja si wa Chingerezi n'komwe, ndi chilembo cha Chigiriki chimene chimayambira dzina la Khristu, paja Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, ndiye Akhristu akalekale ankangofupikitsa choncho. Mukadzalowa m'tchalitchi cha Katolika mudzayang'ane pa zovala za ansembe kapena pa guwa, nthawi zambiri pamakhala X wopingasana ndi chilembo chooneka ngati P, ameneyo ndi Khristu yemweyo.

Chilembo chimenechi chili ndi ntchito zambiri azakhali, chonsecho m'Chichewa mwathu mulibe. Kwa Aroma ndi 10, pa wotchi zina mumamuona. Pa kaunjika XL ndi chovala chachikulu, mumadziwa kale zimenezo kuposa ine hahaha. Kungowoloka msewu pa Lizulu pompo kulowa ku Mozambique, amamutchula ngati "sh", nsima yomweyi amalemba xima. Twitter nayo Elon Musk anaisintha dzina mu 2023 kukhala X, koma izo zisiyeni.

Kumasamu x ndi chinthu chomwe sunachidziwe, ukuchifunafuna, anafalitsa zimenezi ndi Mfalansa wina René Descartes mu 1637. N'chifukwa chake mu 1895 Wilhelm Röntgen wa ku Germany atatulukira kuwala kodutsa mnofu n'kuonetsa mafupa, posadziwa kuti n'chiyani anangoti X, ndiye X-ray yomwe amakujambulani nayo kuchipatala ija. Malcolm X wa ku America naye anataya dzina la Little poti linachokera kwa azungu osunga akapolo, n'kuikapo X m'malo mwa dzina la makolo ake la ku Africa lomwe linasowa.

Tsopano iyi ndiye ndikufuna gulu lonse limve, makamaka azibambo. M'thupi mwathu muli tizinthu timatchedwa ma chromosome, mkazi amakhala ndi XX, mwamuna XY. Dzira la mayi nthawi zonse limapereka X, palibe china chomwe lingapereke, mbewu ya bambo ndi imene imabwera ndi X kapena Y, ikabwera ndi X mwana ndi wamkazi, ikabwera ndi Y ndi wamwamuna. Ndipo bamboyo sasankha ayi, zimangochitika. Ndiye zomamunena mayi kuti amangobereka atsikana okhaokha, mpaka kufuna kukwatira wina ati kusaka mnyamata, ine zimandinyansa kwambiri, mayi alibepo mlandu olo pang'ono. Amalume aja ngati sanatsegule data muwayikire pa sipika madzulo ano amve okha gawo limeneli, musawafotokozere inuyo adzati mwapeka.