Kagalimoto kooneka ngati ndege kaja, Messerschmitt KR200

Owerenga ena anditumizira imelo ndi chithunzi cha kagalimoto ka mateyala atatu, denga lake loonekera mkati, akufunsa kuti "kodi nzoona kuti ku Germany ankapanga timeneti ndi zotsalira za ndege zankhondo?"

Ayi achimwene, imeneyo anthu amangoikamba koma siyoona. Kameneko ndi ka Messerschmitt KR200, dzinalo inde ndi la kampani ya ndege, koma mwini nzeru anali injiniya wina Fritz Fend, ndipo mbali yake ndi imene imandikhudza ine. Nkhondo yachiwiri itatha kunali asilikali ambirimbiri oduka miyendo osowa choyendera, ndiye cha mu 1948 mu tauni ya Rosenheim ku Germany konko mkuluyu anayamba kuwapangira tinjinga ta mateyala atatu topalasa ndi manja, kenako nkuikamo kainjini, dzina lake Fend Flitzer. Posakhalitsa alungalunga omwe anayamba kugula, nanga galimoto yeniyeni akanaikwanitsa ndani nthawi imeneyo.

Messerschmitt inabwera pambuyo. Nkhondo itatha kampaniyi inali italetsedwa kupanga ndege, fakitale yake ya mumzinda wa Regensburg ikusowa chochita, ndiye anagwirizana ndi Fend nkutulutsa KR175 mu 1953, kenako KR200 mu 1955.

Tsono taonani mmene kaliri. Chitseko palibe, denga la pulasitiki lija ndi lomwe mumakweza cha mbali nkulowa, dalaivala kutsogolo mnzake kumbuyo ngati pa kabaza, chiwongolero chakenso ndi mahandulo osati chozungulira ayi. Injini ili kumbuyo, 191cc ya kampani ya Fichtel & Sachs, yosakaniza petulo ndi oyilo ija, koma kankathamanga mpaka cha mma 90 km pa ola. Chondisangalatsa kwambiri ndi rivesi, giya yake mulibemo, mumazimitsa injini nkukankha kiyi mkati nkulizanso, basi injini ikuzungulira chobwerera ndipo magiya onse anayi aja tsopano ndi obwerera mmbuyo, tangoganizani munthu kuika giya 4 akupita chammbuyo!

Mu 1956 atawalolanso kupanga ndege a Messerschmitt analibenso nako ntchito, Fend anatenga fakitale nkupitiriza pansi pa dzina la FMR mpaka 1964. Apo nkuti anthu atayamba kupeza bwino, akufuna Volkswagen Beetle kapena Mini yokwana banja lonse.

Yang'ananinso chithunzi chanucho kutsogolo kwake, mukaona zilembo za FMR ndiye kuti kanapangidwa a Messerschmitt atatulukamo kale.