Chifukwa chake tameki amanjenjemeretsa munthu kenako n'kumufoola

Achimwene a ku Tsangano, mwafunsa kuti bwanji munthu amene wamwa tameki kapena wapuma mankhwala ena opopera tomato amanjenjemera minofu, dovu lili chuchuchu, kenako n'kulephera kupuma. Nkhani yagona pa timakomo ting'onoting'ono ta pa maselo a ubongo ndi minofu.

Maselo otumiza uthenga sagundana. Pakati pawo pali kampata ka mananomita 20 mpaka 50 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), ndipo uthenga umaoloka ndi mankhwala a m'thupi monga acetylcholine. Tsidya linalo kuli kakhomo kolandira uthenga, kotchedwa risepita ya nicotinic: mapuloteni asanu oima mozungulira ngati mizati ya nkhokwe, kabowo kali pakati. Kabowoko kamakhala kotseka chifukwa pakatikati mizatiyo yapanikizana ndi tizigawo tokana madzi, ndiye sodium, mchere wa m'thupi wonyamula magetsi, amene amayenda atakutidwa ndi madzi, sangadutse.

Pamafunika acetylcholine awiri kuti khomo litseguke bwino. Akakhala m'malo awo kumtunda, puloteni imawafumbatira, mutu wa risepita umapotoka pang'ono, mizati ija n'kupendekeka kutalikirana. Kabowo sikafika n'komwe nanomita imodzi, koma sodium amakhamukira mkati mamiliyoni pa sekondi, magetsi a selo n'kukwera, mnofu n'kukokeka. Pakangotha milisekondi imodzi kapena ziwiri (milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi) khomo latseka, enzayimu (puloteni yophwanya mankhwala) ya acetylcholinesterase yaphwanya kale acetylcholine.

Tameki amaimitsa ntchito ya enzayimu imeneyi. Acetylcholine amangounjikana, makomo akutseguka mobwerezabwereza, ndiko kunjenjemera kuja. Choopsa kwenikweni chimabwera pambuyo: risepita ikakhalitsa ndi acetylcholine imatseka n'kugontha, ngakhale iye akadali pomwepo. Zikafika pa minofu yopumira, mpweya umathera pomwepo.

Dovu ndi kuchepa kwa mwana wa diso zimachokera ku marisepita ena, a muscarinic, omwe alibe kabowo. Atropine wa kuchipatala amagwira amenewa okha, n'chifukwa chake wodwala angafunikebe kumuthandiza kupuma ngakhale dovu litauma. Akamaphupha ngati wa khunyu amamubaya diazepam, amene amachititsa risepita ya GABA (mankhwala a m'thupi odekhetsa ubongo), yomwenso ili ndi mizati isanu, kutseguka pafupipafupi kuti chloride, mchere winanso wa m'thupi, alowe, ubongo udekhe.

Zikachitika ku dimba, zomumwetsa mkaka kapena kumusanzitsa zisiyeni, masanzi amalowa m'mapapo. Muvuleni zovala, musambitseni ndi sopo inu mutavala mapulasitiki m'manja, mugonekeni chammbali, ndipo thamangirani naye kuchipatala chapafupi mutanyamula botolo kapena pepala la mankhwalawo.