Yambani ndi Illmatic

Achimwene, mwafunsa kuti munthu wozolowera trap, mtundu wa hip hop wa masiku ano, ayambire pati akafuna kumva hip hop yakale. Ine ndikuti yambani ndi Illmatic, chimbale cha Nas, woimba rap wa ku America, chomwe chidatuluka mu 1994. Chili ndi nyimbo 10 zokha, ndiye simutopa nacho. Nas amafotokoza moyo wa ku Queensbridge, ku New York, ngati mukucheza naye pakhonde. Mabiti ake adapanga ndi akatswiri monga DJ Premier, Pete Rock ndi Q-Tip, ndipo ndi odekha, okoma ngati jazi. Poyamba mwina muona ngati chikuzizira. Mverani ndi mahedifoni, osati pa sipika, chifukwa zonse zagona m'mawu. Mukachikonda, pitani ku chimbale choyamba cha gulu la Wu-Tang Clan cha 1993, koma chimenecho ndi chaukali ndithu.