Kusintha ukatswiri wa udokotala kulipo, koma ndi ulendo wautali

Achimwene, mwafunsa ngati mlongo wanu, dokotala wa ana, angasiye ntchitoyo n'kuphunzira za opaleshoni. Inde n'zotheka, koma ayenera kuyambiranso maphunziro a ukatswiri, aja timati residência, ngati wongoyamba kumene. Oyang'anira maphunzirowa ndi Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la madokotala la Ordem dos Médicos de Moçambique, ndipo ambiri amaphunzirira ku Hospital Central de Maputo. Opaleshoni imatenga zaka pafupifupi 5.

Chovuta kwenikweni si mabuku ayi. Munthu amene ankalamula wadi yonse ya ana, manesi akumuthamangira, amapezeka akugwirizira zipangizo m'chipinda cha opaleshoni usiku wonse, akulangizidwa ndi anthu amene iye amawaposa msinkhu. Pamafunika mtima wodzichepetsa. Nanga banja? Kuchoka ku Ulónguè kupita ku Maputo si kwapafupi, ana akhala ndi ndani?

Koma ine ndikuti muwalimbikitse. Ndinaonapo mwana atatupa mimba akudikira ambulansi yopita ku Hospital Provincial de Tete, mayi ake atamufunditsa chitenje. Dokotala wodziwa ana komanso mpeni akanamuthandiza pomwepo.